Kalongonda wa ku Bangwe

Lachisanu, Disembala 2001

Lero ndadzuka ndi nsanje, ndipo ndikuchita nayo manyazi.

Nditalemba mayeso a Fomu 2 fizi inasowa, ndiye ndinasankha ndekha kupita ku Blantyre kukalera mwana kubanja lina la ku Namiwawa. Amayi anakana, ine ndinaumirira. Mng'ono wanga Esinala anatsala kuno ku Kaduya.

Mumzinda muja zilankhulo zili ngati minda, chilichonse ndi malire ake. Ku Namiwawa ngakhale galu amamuitana m'Chingerezi. Ku Limbe amwenye amalankhula chawo kuseri kwa kauntala, pamsika wa nsomba pamamveka Chiyao, ndipo abwana anga akakwiya ankabwerera ku Chitumbuka. Ine ndinkasirira Chingerezi cha mwana wawo wamkulu, Tawonga, wa msinkhu wanga. Ndinkachiyeserera ndikuchapa matewera. Malipiro anali ochepa. Kangachepe ndinkapatsira kondakitala wa basi kuti akapereke kwa Amayi, pamodzi ndi moni wa m'Chingerezi amene Esinala ankachita kuwamasulira.

Lamulungu lina, kusungulumwa kutandikwana, ndinapita ku Bangwe komwe kuli anthu akwathu ambiri. Nditaona beseni la kalongonda, nyemba zathu zija zophika tsiku lonse, misozi inalengeza. Mayi wogulitsayo atangomva kalankhulidwe kanga anandilonjera m'Chilomwe. Ine kukamwa yasa, poti Chilomwe sindichitha!

"Iwe ndiwe wa m'munsi mwa phiri la Michesi, usandinamize," anatero. "Lilime lako unagulitsa zingati?"

Anzake anaseka. Kalongondayo ndinadya choimirira ngati mlendo.

Ndinafika kuno kumudzi dzulo, fizi ili m'manja, ndikuganiza kuti onse andizungulira. Anandilandira ndithu. Koma madzulo Amayi ndi Esinala ankasenda chinangwa akuseka m'Chilomwe mpaka kugwirana mapewa. Nditayandikira, Amayi anasinthira ku Chichewa, monga amachitira kukabwera aphunzitsi.

"Mumaseka chiyani?" ndinafunsa.

"Aa, achemwali, m'Chichewa sizikoma," anatero Esinala. "Kapena tikuuzeni m'Chizungu?"

Esinala sanaonepo Limbe, koma ali ndi Amayi ena amene ine sindiwadziwa, Amayi anthabwala. Pamene ine ndinali kusukulu yogonera komweko ndi m'tauni kuthamangitsa chilankhulo cha eni, iye anali kumunda kutola chathu.

Mawa tikukapalira chimanga. Ndaganiza zotenga mzere woyandikana ndi wa Amayi, ndipo ndikawapempha kuti asandilankhule m'Chichewa mpaka tiweruke. Esinala aseke mmene angathere.