Njerwa Zimene Sindinapereke

Anandilanda njerwa zikwi zisanu ndi zinayi, zowotcha, zofiira bwino. Anandilanda dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa khamu la anthu, ndipo anthuwo anawomba m'manja.

Sukulu ndinalekezera Fomu 2 chifukwa cha fizi. Mutu unalibe vuto. Bambo anali atamwalira, mayi ankagulitsa zitumbuwa kwa okwera sitima pa Nkaya, ndipo zitumbuwa sizilipira sekondale. Ahedi anati andisungira malo chaka chimodzi basi. Ikatha sabata yachiwiri ya temu yoyamba ndisanafike ndi ndalama, apatsa wina.

Amjomba anga, mlongo wawo wa mayi, anandibwereka chikombole ndi chulu cha kumunda kwawo. "Dothi silifunsa satifiketi," anatero. Ndinaumba ndekha kuyambira mwezi wozizira mpaka mphepo ya fumbi itayamba. Madzi ndinkakatunga kudambo, zitini ziwiri pa njinga yawo. Mapazi anachita ming'alu ndi kuponda dothi. Nkhuni zowotchera tinagula titagulitsa mbuzi ya mayi, imene inali imodzi yokhayo. Uvuni utazizira, amjomba anagundanitsa njerwa ziwiri, zinalira ngati chitsulo.

Woyamba kubwera anali mmisiri wina wa ku Balaka amene ankamanga golosale. Anali ndi ndalama m'thumba, koma mtengo wake unali wotsika. Mawa lake kunabwera kalaliki wa khonsolo, bambo wa tayi, wonunkhira sopo. Iye anati khonsolo yapatula ndalama zomangira chimbudzi ndi shedi pamsika pathu. Zimenezo zinkafunikadi. Anthu anali atachulukana chifukwa cha njanji, nyumba zikumera ngati bowa, koma amayi ankayalabe matemba ndi tomato pansi, nsomba za ku Liwonde zili pa chiguduli pafupi ndi ngalande. Tikiti ya msika ankadula tsiku ndi tsiku. Chimbudzi panalibe.

Mtengo wa kalalikiyo unali wabwino. Ndinamupempha kuti tilemberane.

"Pepala la chiyani, mphwanga? Boma silithawa. Unaliona boma litakwera sitima?"

Amjomba anaseka naye limodzi, nanditsina pachigongono. Mmisiri uja ndinamubweza. Thirakitala ya khonsolo inatuta masiku awiri, pachulu panatsala phulusa ndi zibenthu.

Isanathe sabata tinamva kuti kukubwera a Nduna kudzaona chitukuko. Dzenje la chimbudzi silinakumbidwe. Njerwa zanga anamangira nsanja yoti a Nduna adzayimepo, yokhala ndi masitepe anayi, ndipo zotsala anamangira khoma lalitali m'mbali mwa msewu kuti matope a mumsika asaoneke. Anapaka laimu mbali ya kumsewu yokha. Sindinadandaule kwambiri. Ndinati kaya amangire manda a agogo awo, bola andilipire.

Tsiku la msonkhano msika unatsekedwa. Anyamata a malaya ofiira anayima m'njira kuona makhadi a chipani, ndipo wopanda khadi ankamukhazika padzuwa. Ine ndinakhala pansi pafupi ndi amjomba. Mwambo wake tonse tinkaudziwa: zikatha nyimbo za amayi, atcheyamani a chipani amawerenga mphatso. Dera lakuti mazira, dera lakuti nkhuku, amalonda a pamsika mbuzi ziwiri. Chilichonse chikatchulidwa, m'manja. Palibe ankafunsa ngati mwini mbuziyo anauzidwa.

Kenaka atcheyamani anatsokomola nakweza mawu.

"Olemekezeka a Nduna, nsanja mwayimapoyi boma silinaonongepo ngakhale tambala pa njerwa. Tili ndi mnyamata kuno, wamasiye, wapereka njerwa zake zonse mwaulere chifukwa chokonda dziko lake. Imirira, mwanawe, akuone."

Anatchula dzina langa. Ndinayang'ana kalaliki uja. Anali pampando wa kumbuyo, akupukuta magalasi.

"Imirira," amjomba ananong'ona.

"Sindinapereke ine."

"Wapereka tsopano. Imirira, useke."

"Amjomba, ndikanene kuti ndi bodza."

"Ukanene kwa yani? Ukufuna mayi ako akakufune ku ndende iti? Nyamuka, iwe."

Ndinanyamuka. Amayi analuluta. Anandikweza masitepe aja, ndikuponda njerwa zanga zomwe, ndipo a Nduna anandigwira chanza akuyang'ana wotchi. Dzanja lawo linali lofewa ngati buledi. Anati achinyamata onse atengere chitsanzo pa ine. Ndinaseka monga anandiuzira amjomba. Mpaka lero ndikakumbukira kuseka kumeneko ndimafuna kulavula.

Lolemba ndinapalasa njinga kupita ku ofesi ya kalalikiyo. Anandisiya pabenchi kuyambira m'mawa mpaka atabwerako kokadya.

"Ah, mnyamata wa chitsanzo. Tikuthandize chiyani?"

"Ndabwerera ndalama za njerwa, bwana."

"Njerwa ziti? Zija unapereka?"

"Zija tinagwirizana mtengo pachulu, amjomba ali pomwepo."

Anatsegula cholembera, nakoka pepala loyera.

"Chabwino. Nena pang'onopang'ono ndilembe. Iwe ukuti atcheyamani ananamiza a Nduna pagulu. Ndipo a Nduna anayamikira bodza. Eti? Dzina lonse paja ndi ndani, ndi mudzi?"

"Sindinatero."

"Ndiye watani?"

Iye anatseka cholembera.

"Nanga ndalama zimene khonsolo inapatula zija zapita kuti?" ndinafunsa.

"Unamwako Fanta tsiku lija?"

"Iyayi."

"Unadzimana wekha. Mbendera zija ukuganiza zinagwa ndi mvula? Laimu? Mafuta a magalimoto? Mpunga wa alendo? Mlendo sadya chimbudzi, mphwanga."

"Ndionetseni m'bukumo pamene mwalemba."

"Buku la khonsolo si nyuzipepala. Fomu 2 yakuzunguza mutu. Tuluka, pali anthu panja."

Panja panalibe munthu.

Amjomba anayesa njira yawo. Anagwira tambala wamkulu napita naye kwa atcheyamani, akuti nkhani zotere zimatha ndi ulemu. Tambalayo analandiridwa. Yankho linali lakuti ndisadandaule, dzina langa ladziwika kumtunda, ndipo chaka chamawa ndikaumbanso khonsolo idzayamba kugula kwa ine. Amjomba anandifotokozera zimenezi akuyang'ana pansi.

"Ndinu munandiuza kuti ndibweze mmisiri uja," ndinatero.

"Ndine. Ndinenso ndinakuuza kuti uyimirire, nchifukwa chake ukundilalatira uli pakhomo pano, osati kumene ena anapita."

Ndinawabwezera chikombole chawo. Tinatha miyezi osalankhulana. Ndikudziwa kuti sananame, koma kudziwako sikunandibwezere kanthu.

Lachisanu la sabata yachiwiri ya temu ndinapitabe kusukulu, chimanjamanja. Anzanga anali m'kalasi, ndinkawamva akuyankha mafunso a sayansi amene ndinkawadziwa. Ahedi anandilandira bwino, mpaka kundipatsa mpando.

"Tinamva mbiri yako, watinyaditsa. Wabwera nazo zonse, kapena theka?"

"Ndilibe, aphunzitsi. Sanandilipire."

"Akulipire mphatso?" Anandiyang'ana nthawi yaitali. Ndikhulupirira anamvetsa, chifukwa anadzuka nakatseka chitseko asanapitirize. "Zimenezi usakazinenenso pena paliponse. Koma ine ndikalemba kuti mnyamata wopereka njerwa zikwizikwi ulele wasowa fizi, adzandifunsa kuti ndikutanthauza chiyani. Pali mwana wa ku Ntaja akudikira, bambo ake alipira kale."

Lolemba lotsatira mwanayo anakhala pa desiki yanga.

Panopa ndimasenza matumba a chimanga ndi feteleza pa siteshoni ya Balaka. Kumsika kwathu ndimapita mwa apo ndi apo. Pansanja paja pamagona mbuzi. Laimu anasuluka ndi mvula yoyamba. Tikiti ya msika anakweza, akuti ya chitukuko, ndipo amene wafuna kudzithandiza amathamangira kuseri kwa khoma lija, poti ndi pokhapo pobisika. Kalaliki uja anamukweza pantchito. Tikakumana amandipatsa moni, ine sindiyankha.

Ena amati ndiiwale, zinapita. Aiwale iwowo. Pachulu paja tinagwirizana makwacha khumi ndi awiri pa njerwa chikwi chilichonse. Masamu ndinkakhoza. Khonsolo ili ndi ngongole yanga ya K108.