Mikono ya a Mawotchi

Pakhonde la sitolo ya nsapato timakhalapo awiri: ine ndi makina anga osokera kumanja, kumanzere bambo wokonza mawotchi, amene aliyense amangowatcha a Mawotchi. Takhala moyandikana chonchi zaka khumi ndi chimodzi, moti ndikayetsemula opepesa amakhala iwo. Akazi awo anamwalira kalekale. Mwana ali naye mmodzi yekha, wamkazi, wokwatiwa kutsidya kwa tauni, ndipo ndi amene anawaberekera kamdzukulu kakakazi. Lamlungu lililonse ankapita kukakanyamula, Lolemba n'kudzandigonthetsa m'kutu: kaseka, kandigwira mphuno, kandikodzera pathalauzi. Ine ndinkati, "Achimwene, inu ndinu oyamba kukhala ndi mdzukulu padziko pano?"

Ntchito yawo ankaigwira mwa njira yawoyawo. Wotchi akaikonza sankaibweza tsiku lomwelo, ayi. Ankaivala masiku awiri kuti aone ngati ikutaya mphindi, ati patebulo wotchi imanamiza, imafunika imve kugwedezeka kwa munthu. Masiku ena mkono uliwonse unkakhala ndi mawotchi atatu, malamba achitsulo ndi achikopa kuthithikana mpaka chapakati. Makasitomala ankawakonda chifukwa cha zomwezo.

Kuyabwa kunayambira pansi pa malamba omwewo. Poyamba tinkati ndi thukuta. Kenako panatuluka zidzolo zachilendo, zosalala pamwamba, zonyezimira, zakuda mofiirira ngati khungu la biringanya. Zinazungulira mkono ndendende mmene lamba amadutsa. Tsiku lina kasikuludiraiva kanaterereka n'kuwakala pamkono, ndipo patatha milungu iwiri zidzolo zinandanda mumzere womwewo, mowongoka kuposa msoko wanga. Zinatulukanso mu akakolo ndi m'misongolo. Tiyi wotentha anayamba kuwawotcha m'kamwa, ankachita kumusiya azizire kaye.

Anthu pakamwa! Uyu mphere, uyu khate, uyu kungotsitsa mawu n'kuti "matenda aja." Mayi wina wa ku banki anabwera kudzatenga wotchi yake, ataona akuivula pamkono wotero anabwerera m'mbuyo n'kuti, "Ikhale, bambo, ndidzatuma munthu." Sanatume. Nkhani inayenda msewu wonse, ndipo anthu anayamba kulambalala tebulo lawo ngati pali dzenje. Iwo anagula mankhwala a mphere, kudzola thupi lonse masiku atatu, khungu kupsa, kuyabwa osasintha. Anayamba kuvala malaya a manja aatali dzuwa likuswa mtengo, n'kumakanda mobisa pansi pa tebulo.

Ndisadziyeretse. Inenso kapu yanga, imene tinkamwera tonse zaka zonsezi, ndinayamba kuibisa m'chikwama. Makina ndinawasuntha pang'ono, ati dzuwa likundilowa m'maso. Anaona ndithu. Mpaka lero zimandichititsa manyazi.

Koma chimene chinawadya kwenikweni sichinali makasitomala. Lolemba lina anafika ali ndwii, osatsegula ndi bokosi la zida lomwe.

"Kwagwanji, achimwene?"

"Achemwali, dzulo nditangofika pakhomo, mwana wanga anabereka mwana kumbuyo. Tsiku lonse osamutsitsa. Anandipatsa mbale yangayanga, sopo wangawanga. Akuti, ‘Bambo, musakhumudwe, khungu la mwana n'lanthete.’"

Sanakhumudwe naye, anati akanakhala iwo akanachitanso chimodzimodzi. Ankapitabe Lamlungu lililonse, kukhala pampando wa pakhomo, kumayang'ana kamutu kali kumsana kwa amake. Miyezi isanu ndi iwiri! Mwana anamera mano, anayamba kukwawa, agogo ake akungoonera patali. Nkhani za Lolemba zija zinatha, ndipo ine amene ndinkadandaula nazo ndinayamba kuzisowa.

Ndiye kunabwera uthenga woti mkamwini wawo amusamutsira kutali pantchito, ulendo wa tsiku lathunthu, ndipo banja lonse linyamuka mwezi ukatha. Apo m'pamene ndinapsa mtima.

"Achimwene, mukufuna mwana achoke musanamugwire? Wotchi ya munthu ikafa mumaitsegula n'kuona m'kati. Inuyo mukudikira ndani kuti akuoneni? Mawa kuchipatala, kwa dokotala wa khungu. Tebulo ndikuyang'anirani, ngakhale palibe choti chingabedwepo."

Anapita, ndipo pobwera anandifotokozera zonse mwatsatanetsatane, monga amachitira. Dokotala anali mayi wachitsikana. Anawagwira mkono ndi manja ake enieni, opanda magolovesi, n'kuutembenuza uku ndi uku. "Achemwali inu!" anatero a Mawotchi. "Ndinali nditaiwala kuti dzanja la munthu limafunda." Dokotalayo anadontheza kamafuta pa chidzolo chimodzi, n'kuyang'ana ndi kagalasi kokulitsa zinthu konga kawo ka ntchito, ndipo anawaonetsa timizere toyera topyapyala pamwamba pake. Anawaunika m'kamwa, m'kati mwa masaya, n'kupezamo timizere tomweto, tolukanalukana ngati nsalu ya lesi. Anayang'ana zikhadabo ndi m'mutu. Anafunsa ngati amamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi kapena ena alionse, chifukwa mankhwala ena amatulutsa zidzolo zofanana nazo, koma iwo samwa kanthu. Anawatenga magazi oti ayeze za chiwindi, n'kuwabaya kajakisoni ka dzanzi n'kudula kachikopa kochepa ngati njere ya mpunga kuti akakaone pa makina. Zotsatira, milungu iwiri.

Milungu iwiri, pamene ulendo unatsala masiku khumi ndi asanu ndi limodzi. Munthu amene amakonza nthawi za anzake ankangowerenga masiku pa zala.

Zotsatira zinatuluka Lachinayi. Matendawo dzina lake likeni pulanasi, ndinachita kuwabwerezetsa katatu. Si mphere, si khate, si matenda aja, ndipo magazi anali bwinobwino. Chitetezo cha m'thupi mwawo momwe ndi chimene chinasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi khungu lawo. Pamene pakhuzika kapena pakandika m'pamene zimakonda kutuluka, n'chifukwa chake zinatsata malamba. Anawapatsa mafuta amphamvu odzola pa zidzolo pokhapo, ena opaka m'kamwa, ndi mapiritsi oletsa kuyabwa. Anawauza kuti asiye kukanda, asiyenso kuvala mawotchi. Zidzatha, koma pang'onopang'ono, mwina chaka, ndipo mawanga akuda adzatsalira kwa nthawi.

"Ndinamufunsa chimodzi chokha," anatero a Mawotchi. "Ndingapatsire mwana? Akuti ngakhale mutagona naye mphasa imodzi, sizipatsirana. Ndinati, adokotala, mundilembere zimenezo, pakamwa panga sandikhulupirira."

Anandionetsa kapepalako, kachidindo chake pansi. Miyezi yonseyi kumuthawa munthu pachabe! Ndinatulutsa kapu m'chikwama, ndinathira tiyi n'kuwapatsa, ndipo anamwa.

Loweruka, tsiku la ulendo, anavala malaya a manja aafupi kwa nthawi yoyamba, n'kunyamuka m'mamawa. Ine ndinasoka m'mawa wonse mtima uli m'mwamba, mpaka ndinalakwitsa kolala ya munthu. Anabwera chakumasana. Anakhala pampando wawo, manja pamaondo, kuyang'ana mumsewu.

"Nanga, achimwene? Mwawapeza?"

"Ndawapeza. Katundu anali atakweza kale m'lole."

"Mwana wanu kapepala anawerenga?"

"Anawerenga kawiri. Analira, achemwali. Anandigwira mikono yonse iwiri, apa penipeni pali zidzolopa, akuti, ‘Bambo, ndikhululukireni.’ Anamasula mwana kumbuyo yekha, n'kundipatsa."

"Eyaa! Ndiye mwakhumatiranji?"

Basi inadutsa, fumbi linakwera pakhonde.

"Mwana anakana. Atangondiyang'ana kumaso anakuwa, kudzipinda, kutambasulira manja kwa amake. Tinayesa katatu. Amake akuti, ‘Ndi agogo awa, agogo ako,’ iye kulira mpaka kubanika. Woyendetsa lole anali akuliza hutala. Ndinamubweza."

Anatsegula bokosi la zida, natenga wotchi ina yakale imene mwini wake sanabwerenso kudzaitenga, n'kuyamba kuitsegula.

"Walemera," anatero, maso ali pa ntchito. "Nthawi yomaliza imene ndinamunyamula ankakwana dzanja limodzi."