Galimoto Yachiwiri

Lamlungu tikachoka kutchalitchi, amuna anga ankayatsa TV kuti aonere mpikisano wa magalimoto. Nthawi imeneyo tinkakhala kutsidya kwa nyanja, mumzinda waukulu, dera la Partick, pansanjika yachitatu, iwo akuphunzira kuyunivesite. Mvula inkatsetsereka pawindo, ine ndili pampando ndikuyamwitsa mwana. Phokoso la magalimoto aja linkamveka ngati njuchi zili kutali, ndipo mwana ankagona nalo msanga. Inenso ndinkawodzera. Zofiira, zabuluu, zasiliva zinkangozungulira m'maso mwanga, osadziwa wotsogola ndi uti.

M'thumba la jekete yanga munali fomu. Anandipatsa mayi wina wa kutchalitchi, ya kalasi ya Chingerezi ya Lachiwiri m'mawa, ndipo anati ndikabweze pofika Lolemba, apo ayi malo apatsa wina. Koma Lachiwiri m'mawa amuna anga ankapita kulaibulale, nanga mwana akanatsala ndi yani? Ndinali nditayenda nayo fomuyo masabata atatu osanena kanthu.

Lamlungu lomaliza lisanafike Lolemba lija, ndinaona magalimoto awiri a mtundu umodzi akutsatana. Kenako kunamveka mawu a munthu pawailesi ya woyendetsa, mawu ofatsa ndithu. Galimoto yakutsogolo inachepetsa liwiro n'kupatukira m'mbali, inzake n'kudutsa.

“Yawonongeka?” ndinafunsa.

“Ayi, amuuza kuti apatuke,” anatero amuna anga. “Onsewo ndi a timu imodzi. Wadutsayo ndiye akulimbirana chikho. Uyu ndi wachiwiri.”

“Nanga akuthamangiranji?”

“Amatchinga ena kumbuyo. Nthawi zina amayamba ndi iye kusintha matayala kuti aone ngati akugwira msewu, wamkuluyo asaluze nthawi.”

Ndinayang'ana galimoto yachiwiriyo ikuzungulira yokha. Maso anga analemera, ndipo ndinadziona ndili Sitandade 6, mayi akudwala, bambo ataima pakhomo. Sanakalipe. Anangoti, “Iwe uyambe wakhala kaye, mlongo wako apitirize.” Mawu awo anali ofatsa ngati a pawailesi aja. Ndinapinda yunifolomu n'kuyiika pansi pa sutikesi, ndipo kuyamba ndakhala kuja sikunathe.

Mpikisano uli pafupi kutha, wamkulu uja analephera kuipeza galimoto yomwe ankaithamangitsa. Mawu aja anamvekanso. Ulendo uno ndi iye amene anapatuka, wachiwiri uja n'kudutsa.

“Ndiye chachitika n'chiyani?”

“Amubwezera malo ake. Anangomubwereka.”

“Amabweza?”

“Akagwirizana kale, amabweza. Koma ena amachita kukumbutsa pawailesi, apo ayi timu imangokhala chete.”

Ndinamugoneka mwana pampando, ndinapita kuseri kwa chitseko kumene kunali jekete. Ndinapisa m'thumba. Fomu inali itafewa m'mapindo ngati nsalu. Ndinaiika pabondo la amuna anga.

Anawerenga mpaka pansi. Pa TV anthu ankathirana zakumwa za thovu.

“Lachiwiri m'mawa ndimakhala kulaibulale, mayi a mwana.”

“Ndikudziwa.”

“Mwaisunga kuyambira liti?”

“Masabata atatu.”

Anaseka pang'ono, kenako anasiya. Anayang'ana mwana nthawi yaitali.

“Ndiye mukuti ine ndipatuke?”

“Mpaka 12 koloko basi, bambo.”

Anatenga bolopeni m'chikwama chawo cha mabuku n'kundipatsa. Ndinalemba dzina langa ndekha, pang'onopang'ono, zilembo zikukwera phiri.

Lachiwiri kunali nkhungu. Nditatsika masitepe ndinatembenuka, n'kuwaona pawindo atanyamula mwana molakwika, mutu uli pachigongono. Ndinafuna kubwerera kuti ndikawakonzere, koma miyendo inapitirira. M'sitima yoyenda pansi pa nthaka, imene imangozungulira mzinda osafika kumapeto, ndinakhala pafupi ndi chitseko, kope latsopano lili pamiyendo. Phokoso lake linali la njuchi zomwe zija. Sindinawodzere. Ndinkawerenga dzina la siteshoni iliyonse chamumtima, kuopa kupitirira yanga.