Makoswe M'pikapu ya Malemu

Amuna anga anamwalira m'zaka zoyambirira za matipate, atadwala nthawi yaitali. Miyezi yonse ya matendayo pikapu yathu inangokhala pafupi ndi nkhokwe, osayenda. Inali yakale, yoyera koma yofiirira ndi fumbi, ndipo tinaigula ndi fodya amene ndinkasankha ndi manja angawa mpaka zala kuda. Ine ndinali wa chitengwa kumudzi kwawo, kufupi ndi kwa Dzoole. Kwathu ndi ku Ntchisi, choncho ndinali kutali ndi aliyense amene akanandiyankhulira.

Mwambo wometa utangotha, alamu anga, akulu awo a malemu, anayamba kubwera pafupipafupi. Ankazungulira galimotoyo, kuponda matayala, kusuzumira pawindo. Tsiku lina anabwera ndi anzawo, naikankha. Inatsokomola, kutulutsa utsi wakuda bii, n'kuzima. Anayesanso, zomwezo.

"Injini yafa iyi, alamu," anatero akupukuta m'manja. "Ku Madisi kuli munthu wogula zitsulo. Loweruka tiikoka ndi ng'ombe."

"Galimotoyi ndi ya ana, alamu."

"Ana adya galimoto yakufa? Komanso inu munthu wamkazi, galimoto muitani? Muziphikiramo?"

Anzawo aja anaseka. Koma ine kutsokomola kuja ndinkakudziwa. Nthawi ina tikuchokera ku Ntchisi m'chilimwe, galimotoyo inachita chimodzimodzi pachitunda. Malemu anatsika, natsegula boneti, nandiitana. Anandionetsa chitsulo chozungulira ngati beseni lovundikira, chokhala pamwamba pa injini, amakaniko amati eyakilina. M'kati mwake mumakhala sefa ya mpweya. Anati injini imapuma ngati munthu, ukaitseka mphuno imabanika. Ndi iwo omwe anandiphunzitsa kuyendetsa pabwalo la mpira la kusukulu, anthu akutiseka.

M'mawa mwake ndinatenga ovololo ya malemu, kupinda miyendo yake, n'kuvala. Apongozi anga aakazi anali pakhonde, ndipo atandiona anagwira pakamwa.

"Mathalauza pamudzi pano? Ndiponso a malemu?"

"Lamulo loletsa lija linatha, amayi. Chitenje chingakodwe mu injini."

"Linatha ku Lilongwe, osati kuno."

Ndinagwada monga mwa ulemu, kenako ndinadzuka n'kukatsegula boneti.

Chivundikiro sichinavute. Pakati pake panali nati ya mapiko yomasula ndi zala, ndipo m'mbali munali tizitsulo tokolowekera. Nditachichotsa ndinapeza sefa yodzaza fumbi lofiira, mbali ina yotafunidwa. Pansi pake panali makoko a mtedza. Ndinadabwa. Mtedza walowa bwanji muno?

Ndinazindikira kuti kuchotsa sefa yokha sikukwanira, ndiyenera kuchotsa chibeseni chonsecho. Apa ndi pamene malemu sanandifikitsepo. Ndinayamba ndatseka pakamwa pa kabuleta, polowera mpweya mu injini, ndi kansalu, kuopa kuti kanthu kangagweremo. Kenako ndinatsata ndi zala paliponse pamene chinagwirira. Ndinapeza manati awiri m'kati, bawuti imodzi m'mbali ndi kapaipi ka labala kunsi. Manati anamasuka bwino. Bawuti ija inakana, inali itadyedwa ndi dzimbiri. Ndinaithira palafini, kudikira, kuyesanso. Sipanala inaterereka, ndipo ndinasupuka pachala mpaka magazi.

Pamenepo anthu anali atayamba kusonkhana. Alamu anafika n'kukhala pachitsa, mikono atapinda.

"Mukaononga, musadzati sitinanene."

"Mwati yafa kale, alamu. Chakufa sichionongeka."

Ndinamanga chala ndi kansanza, n'kutenga mpini wa pampu ya njinga, kuulowetsa kumchira kwa sipanala kuti italike. Ndinatsamira ndi thupi lonse. Bawuti inalira, n'kutembenuka. Ndinasolola kapaipi kaja pang'onopang'ono kuti kasang'ambike, kenako ndinanyamula chibeseni chonse ndi manja awiri n'kuchiika pansi.

Chinali ndi mlomo wautali wokokera mpweya. Nditaugogoda pamwala, munatuluka khoswe wamkulu, nathawira pakati pa miyendo ya alamu. Iwo analumpha, chipewa n'kugwa. Amayi amene anaima ndi ndowa zawo anaseka mpaka madzi kutayika. Ndinalowetsa waya m'mlomomo n'kuyamba kukoka. Munatuluka makoko a chimanga, nthenga za nkhuku, tizidutswa ta chiguduli, ndi tiana ta khoswe tofiira tosaona. Mlomo wonse unali wotsekeka ngati botolo la njomba.

Ndinatsuka chibesenicho ndi palafini, kuchiyanika padzuwa. Sefa ndinaigogoda patayala, n'kuipopa ndi pampu kuchokera m'kati mpaka fumbi litasiya kutuluka. Pobwezera ndinatsala pang'ono kuiwala kansalu ka pa kabuleta, ndinakaona nditagwira kale chivundikiro. Ndinakachotsa msanga, ndipo palibe amene anazindikira.

Batire inali itatha moto, choncho panafunika okankha. Amuna onse anangoyang'ana kumbali, kuopa alamu. Amayi a ndowa aja ndi amene anatula madzi awo pansi, namanga zitenje.

Msewu wochokera pakhomo pathu umatsetsereka kukafika kudambo. Ndinkadziwa kuti ikakana kulira, ikathera kumunsiko, ndipo sidzabwereranso pakhomo. Ndinaika giya yachiwiri, phazi pakilatchi. Amayi anakankha akukuwa. Galimoto inathamanga, ndinachotsa phazi. Inagwedezeka, kutsokomola, kutulutsa chiutsi, kenako inalira bwinobwino, liwu lomwe lija ana ankathamangira akalimva madzulo. Misozi inatsika, koma sindinaime. Ndinakatembenukira kudambo, n'kukwera chitunda chonse ndikuimba hutala.

Nditafika pakhomo sindinazimitse injini. Alamu anayandikira pawindo.

"Chabwino, yalira. Bweretsani makiyi, tikambirane pachibale."

"Tikambirana ine ndili nawo, alamu."

Nkhaniyo sinathere pomwepo. Inatenga nyengo yonse ya kukolola, mpaka amalume anga anachita kubwera kuchokera ku Ntchisi. Pondisudzula, achibale a malemu anatenga ng'ombe, wailesi, njinga ndi malata a pachigafa. Zinandiwawa, makamaka ng'ombezo. Koma galimoto sindinagonje nayo. Ndinanena pamaso pa onse kuti wofuna kuitenga ayambe wandichotsa pampando, ndipo palibe amene anafuna manyazi okokana ndi namfedwa.

Ndinapakira ana, mphasa, mapoto ndi matumba a chimanga, n'kuyendetsa ndekha kubwerera kwathu. Apongozi aakazi sanatsanzike ndi mawu, koma anaponya nkhuku yomanga miyendo kumbuyo, pakati pa adzukulu awo.

Ku Ntchisi ndinayamba matola, kunyamula anthu ndi katundu masiku a msika. Poyamba amuna ena ankakana kukwera, ati sangayendetsedwe ndi mzimayi m'mapiri. Ndinkawasiya pomwepo. Mvula ikayamba kugwa ankakwera okha, ena mpaka kupempha mpando wakutsogolo.