Tsiku Limene a Sakala Anaperekeza Alendo

Mboni zanga ndi ziwiri: mlongo wanga Enelesi, ndi a Mbewe okonza njinga mumsewu wathu ku Kapata. A Mbewe anamwalira, Enelesi amaiwala ngakhale pomwe waika makiyi, koma onse anaona ndi maso.

Ndikakumbukira a Sakala, amene tinkagawana nawo mpanda, ndimamva fungo la makala a m'simbi, chifukwa m'mawa uliwonse akazi awo, amake Joyce, ankasita malaya omwewo a maluwa ofiira, ogula pa salaula pomwe amagulitsa zovala zovalidwa kale, olembedwa kumsana kuti "Aloha". A Sakala anali mphunzitsi wopuma pantchito, ndipo ankayankhula kwambiri moti nkhuku zathu zinasamukira kuseri kwa chimbudzi. Ndikulumbira.

"Amenewa ndi mawu a ku Hawaii," ankatero atatiimitsa pampanda, ndowa zamadzi zikadali pamutu. "Moni, aloha. Tsalani bwino, aloha. Chikondi, chifundo, aloha yemweyo. Ulesi wokhawokha! Munthu wophunzira chinthu chilichonse amachipatsa mawu akeake."

Kenako anadwala sitiroko. Mwendo ndi dzanja lamanja zinafa, ndipo pa mawu onse aja anatsala ndi amodzi: zikomo. Akafuna madzi, zikomo. Akamva ululu, zikomo. Phala likachepa shuga, zikomo wina amene ankasendula penti pakhoma. Amake Joyce okha ndiwo ankasiyanitsa. Ankawasambitsa, kuwatembenuza, kuchapa zofunda kawiri pa tsiku, mpaka msana wawo unapindika ngati chogwirira ambulera.

Chaka chitatha, kunabwera ana awiri a mlongo wa a Sakala kuchokera ku Chipangali, pa galimoto yahayala. Anakhala pakhonde, nafunsa za mvula, kenako wamkulu anatsokomola.

"Amayi, mwatopa. Tiwatenge amalume akapumire kumudzi, muno mulowe anthu a lendi."

Amake Joyce anangoyang'ana manja awo osweka ndi sopo. Kutopa anatopadi, zimenezo sakanakana. Komanso Kapata yense ankadziwa kuti wodwala chotero akapita kumudzi sabwerera. A Sakala anali pampando pomwepo atavala malaya awo aja, koma panalibe amene anawafunsa.

Ndiye anagwira ndodo. Munthu amene kwa chaka chathunthu sanaimepo yekha anaimirira, natsika pakhonde, nayamba kukoka mwendo kulowera kugeti. Panali mapazi khumi okha, koma a Mbewe anamata machubu atatu a Sakala asanafike pageti. Thukuta linadetsa maluwa onse a kumsana. Anatsegula geti ndi dzanja lamanzere, naima pambali, nayang'ana alendo aja.

"Zikomo."

Kwathu mwini nyumba akakuperekeza mpaka pageti, sufunsa ngati unali utatsanzika. Anyamata aja anayang'anana, natola zipewa zawo, nadutsa mowerama. Galimoto inapita yopanda katundu.

Kubwerera pakhonde kunawakanika a Sakala. Anachita kuwanyamula amake Joyce ndi amayi anga.

"Atate ake a Joyce, kani mumayenda? Chaka chonse ndikukuberekani ngati khanda!"

"Zikomo."

"Zikomo wanu yemweyo. Kwezani phazi apa."

M'mawa mwake ndinamvanso fungo la makala a m'simbi. Anasita malayawo zaka zina zisanu ndi chimodzi, mpaka "Aloha" anafufutika, maluwa nkusanduka ngati mawanga a tiyi. Sindinawamvepo akunena kuti zinali zopepuka.

Lero amayi anga akhalitsa pa bedi m'nyumba mwanga, ndipo amene ndikuchapa zofunda kawiri pa tsiku ndine. Msana wanga wayamba kale kufanana ndi ambulera ija. Enelesi angachitire umboni akakumbukira. Mwezi watha anabwera achibale ndi nzeru zawo za kumudzi. Ndinawapatsa tiyi, ndinawamvetsera mpaka kumapeto, ndipo mtima wina unkati vomera, ukagone. Kenako ndinavala nsapato.

"Tiyeni ndikuperekezeni," ndinatero.