Manja a Selge

Selge anafika kwathu atakwatiwa kale uku ndi uku, koma sikuti anali wosakhazikika pabanja. Chimene chinamuzunzitsa ndi luso la manja ake. Ife a m'chigwa chino tinkangomenyanitsa miyala ya mumtsinje, chibenthu chakuthwa chikagwa n'kumasendera nyama. Selge ankatenga mwala wakuda n'kuukanikiza ndi nsonga ya nyanga ya gwape, timipeni topyapyala ngati tsamba la udzu n'kumayoyoka. Timipenito ankatindanditsa m'mbali mwa fupa logoba n'kumata ndi utomoni. Nthungo yotere ikalowa m'nthiti, hatchi yam'tchire sinkapita patali.

Fuko lililonse likamaliza kuphunzira lusoli, akuluakulu ankamupereka kwa oyandikana nawo posinthana ndi malo osakako nyama. Ana ake ankatsala, poti amati mwana ndi wa moto umene anabadwirapo. Lero mumve amuna akudziguguda pachifuwa kuti nthungo zathu zafika mpaka kunyanja yamchere. Zinamera miyendo? Anaziyendetsa ndi mkazi amene ankasiya mwana m'chigwa chilichonse, wina asanaleke n'kuyamwa komwe. Ndikamva kudzitamako mtima umandiwira.

Ine ndine mlamu wake, anakwatiwa ndi achimwene anga a Dorak. Kwathu anabereka mtsikana mmodzi, Anyu, ndipo analumbira kuti ameneyu yekha adzakalamba naye. Atatiphunzitsa, anayamba kunamizira kuti maso achita khungu, kuti asaperekedwenso. Anyu ndiye sankamulola n'komwe kukhudza mwala. Akangotola nyanga, mbama.

"Choka apa, kapale zikopa. Manja opindikawo ungaseme chiyani iwe?" ankatero.

"Alamu, mwanayu mukumuzunza," ndinamuuza tsiku lina.

"Azidana nane ali pompano," anayankha.

Chimene sitinkadziwa n'chakuti a Dorak ankamubisira mwanayo miyala kuseri kwa phanga, iye n'kumayeserera zimene ankaona kwa mayi ake. Bambo wotani woweta mwana wake ngati nyama yodzasinthitsa?

Chaka china mahatchi anasamukira kum'mawa, njala n'kutigwira pakhosi chisanu chili pafupi. Eni dera lakum'mawalo atabwera kudzacheza, a Dorak anaitana Anyu, yemwe tsopano anali namwali.

"Tawaonetsa alendowa, mwanawe."

Anyu anagwada, nakanikiza mwala. Timipeni tinagwa toongoka bwino, ndipo kamodzi kalikonse kakagwa ankatembenuka kuyang'ana mayi ake, kudikira kuti amuyamikire. Alendo anagwedeza mitu. Nkhani inathera pomwepo: ife tikasake kwawo, iwo atenge Anyu.

Selge anadzigwetsa pamapazi pa mwamuna wake. "Bambo a Anyu, perekani ine. Maso angawa ndi abwinobwino, ndinkanama."

"Suja unati sukuona? Nanga alendo tiwapatse nkhalamba yakhungu, atiseke?"

"Achimwene, manyazi mulibe?" ndinalowererapo. "Bwanji osapita inuyo, mukawaphunzitse kukhala chogona pamoto?"

"Iwe, nyama ikabwera udya nawo," anatero, n'kutembenukira kwa alendo.

M'mawa wonyamuka, Selge anamukokera mwana wake pambali, ine ndili pomwepo. "Ukafika usawaonetse zonse. Uzibisako. Akangodziwa, adzakupereka kwina."

Anyu anachotsa dzanja la mayi ake paphewa. "Mwayambanso? Chiyambire ndili mwana simunafune kuti ndidziwike. Ndi nsanje basi, amayi." Anapita osacheuka.

Atafika kumeneko, Anyu anawaonetsa zonse, poti kwa nthawi yoyamba anapeza anthu omuyamikira. Sipanapite nyengo zambiri, tinamva kuti amupereka kutsogolo, khanda lake litatsala. A Dorak atamva anangoti mwana wawo watchuka, n'kupitiriza kukukuta fupa. Kuyambira tsikulo sindiwotha nawo moto umodzi.

Selge alipo, tsitsi lachita mbuu. Mlendo aliyense akafika, amamulanda nthungo asanakhale n'komwe pansi, n'kumasisita timipeni take ndi chala. Akazindikira kasemedwe ka mwana wake amafunsa, "Amene anakuphunzitsani izi ali kuti?"

Onse amayankha chimodzimodzi, "Aja? Tinawapereka kalekale."