Diresi Lopanda Polowera

Achimwene anga ndi ometa tsitsi, koma mukawafunsa bwinobwino akuuzani kuti ntchito yawo yeniyeni ndi youmba anthu. Pakona ya chipinda chawo chometera pali kompyuta yakale, ndipo makasitomala akasowa masana amakhala pamenepo n'kumaumba tianthu tonga zidole: mphuno, zala, nsidze, chimodzichimodzi. Akamaliza, kompyutayo imalira ngati chigayo maola awiri kuti itulutse chithunzi chimodzi chokha.

Zithunzizo amaziika pa gulu lina la pa intaneti. Kumeneko kuli lamulo lakuti usanadzudzule ntchito ya mnzako, uyambe wayamikira zinthu ziwiri. Achimwene amalisunga lamuloli kuposa malamulo khumi aja. Anthu osawadziwa ankawatamanda ndithu, koma iwo mtima unali pa munthu mmodzi: akazi awo, alamu anga, telala wosadziwa kunyengerera, amene m'zaka zisanu sananenepo kuti "chakongola". Zinkawapweteka, ngakhale ankabisa. Tsiku lina analumbira pamaso panga kuti msilikali wamkazi amene ankamuumbayo akapanda kusangalatsa akazi awo, kompyutayo aitengera kunyumba, ana azionerapo makatuni.

Loweruka anawaitana alamu, nawafotokozera lamulo lija kawiri.

"Zabwino ziwiri kaye, amayi."

Alamu anavala magalasi. "Tsitsi lili bwino."

"China?"

"Tsitsi lakumbuyoli nalonso lili bwino. Tsopano ndinene? Tamutembenuzani. Mtsikanayu m'diresi ili analowamo bwanji? Zipi palibe, batani palibe, msoko palibe. Anabadwa nalo?"

"Amayi, ameneyutu si munthu weniweni."

"Nanga nsidze mwamuikiranji?"

Ine ndinaseka mpaka misozi, ndipo achimwene anandinyanyala masiku awiri. Koma tsiku lachitatu ndinawapeza atatenga diresi lakale la alamu, atalitembenuza, akulondola misoko ndi chala ngati mwana wophunzira kuwerenga. Sabata yonse inathera pa zipi imodzi, dzino ndi dzino, yakumsana, kumene pachithunzi sikuoneka n'komwe. A pagulu paja anayamikira kuwala ndi tsitsi. Zipiyo palibe anaiona.

Alamu atabweranso anauza achimwene kuti amutembenuze msilikaliyo, nayang'ana kumsanako nthawi yaitali. Kenako anachotsa tepi m'khosi, nayeza pagalasi la kompyuta pomwepo, nalemba tinambala padzanja, n'kutuluka osanena kanthu, ngakhale za tsitsi. Achimwene anazimitsa kompyuta mwakachetechete, nandiuza kuti Lamlungu ndidzawathandize kuinyamula. Ulendo uno sindinaseke. Ndinawamvera chisoni kwambiri.

Lamlungu m'mawa, tili pakati pomasula mawaya, alamu anatulukira atavala diresi lobiriwira, la kolala yoimirira, malamba awiri opingasa pachifuwa. Linali diresi la msilikali lenilenilo, msoko ndi msoko. Anatembenuka, napatsa achimwene msana.

"Tanditsekani zipiyi, bambo. Mwaiika patali, dzanja silikufika. Winayo mudzamuikire m'mbali. Ndiponso matumba, mkazi sayenda wopanda matumba."

Achimwene anatseka pang'onopang'ono. Atamaliza anandilanda mawaya aja, nayamba kuwabwezera.